Klatchi yatsopano koma pedulo yafewa: poyambira kufufuza

Sharpevale ndi malo a zamalonda a m'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, pamsewu wa M5 wolumikiza Balaka ndi Salima. Dzinali ndi lokumbukira Sir Alfred Sharpe, yemwe adali bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1907 mpaka 1910, ndipo njanji yomwe idafika ku Salima mu 1935 imadutsa pomwepa. Masiku ano anthu ndi katundu wambiri amayenda pamsewu, m'maminibasi ndi m'malole ang'onoang'ono onyamula chimanga, mtedza ndi nsomba zochokera kunyanja. Ngakhale galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan zili za otomatiki, zonyamula anthu ndi katundu monga Toyota Hiace, Nissan Caravan, Toyota Dyna ndi Mitsubishi Canter zambiri ndi za magiya osintha pamanja, choncho zimadalira klatchi.

Klatchi ikatha, mwini galimoto amapisa m'thumba kawiri: kugula zipangizo, zomwe nthawi zambiri zimakatengedwa ku Balaka, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndiponso kulipira makaniko wotsitsa giyabokosi, ntchito yomwe imatha kudya tsiku lathunthu. N'chifukwa chake zimawawa mtima ntchito ikatha koma dalaivala n'kupeza kuti pedulo ikungolowa ngati waponda thonje, magiya akukukuta kapena kukana kulowa. Ganizo loyamba limakhala loti zipangizo zatsopanozo ndi zachinyengo kapena makaniko walakwitsa, ndiye giyabokosi itsikenso. Komatu zambiri zomwe zimafewetsa pedulo zimakhala kunja kwa giyabokosi, ndipo zimapezeka ndi sipanala, kabotolo ndi anthu awiri. Chofunika ndi kufufuza mwandondomeko, kuyambira pa zosavuta ndi zotsika mtengo, n'kumalizira pa zofuna kumasula.

Njira ya mphamvu kuchokera kuphazi

Klatchi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi. Ili ndi mbale yokhakhala, yomwe amakaniko amaitcha klatchi puleti, ndipo mbaleyi imapanidwa pakati pa flywheel ndi pressure plate. Chopanacho ndi sipuling'i yozungulira yokhala ndi zala zoloza pakati. Phazi likachoka papedulo, mbale imapanidwa ndipo mphamvu ya injini imapita kumatayala. Pedulo ikapondedwa, release bearing imakankha zala zija, mbale imamasuka, ndipo dalaivala amatha kusintha giya.

M'galimoto zambiri za masiku ano, mphamvu ya phazi imafika kumeneko kudzera m'mafuta a mabuleki, omwe ambiri amawatcha buleki fuluwidi. Pedulo imakankha kachitsulo kolowa mu master cylinder, mafuta amadutsa m'paipi yachitsulo ndi ina yalabala mpaka mu slave cylinder, yomwe imamangidwa pambali pa giyabokosi. Kachitsulo ka slave cylinder kamakankha foloko, foloko n'kukankha release bearing. Dongosololi limatsamira pa mfundo yomwe katswiri wa ku France, Blaise Pascal, adafotokoza m'zaka za m'ma 1600, yoti zamadzimadzi zotsekeredwa zikakankhidwa mbali imodzi, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Mafuta safinyika, koma mpweya umafinyika. Kathovu kakang'ono kotsala m'paipi kamameza gawo la mphamvu ya phazi, ndipo foloko siyenda mtunda wokwanira.

Galimoto zina zatsopano zili ndi slave cylinder yophatikizana ndi release bearing m'kati mwenimweni mwa giyabokosi, pomwe zina zakale ndi zing'onozing'ono zimagwiritsa ntchito chingwe chachitsulo m'malo mwa mafuta. Kudziwa mtundu womwe galimoto ili nawo ndiko kumatsogolera kafukufuku yense.

Kupepuka si kufewa

Si pedulo iliyonse yosavuta kuponda yomwe ili ndi vuto. Klatchi puleti ikamatha imachepa makulidwe, zala za sipuling'i zimasuntha, ndipo mphamvu yofunika pozikankha imakula. Dzimbiri ndi fumbi pomwe release bearing imatsetserekapo zimawonjezera kulimbako. Zimenezi zimachitika pang'onopang'ono kwa zaka, mwendo wa dalaivala n'kuzolowera. Klatchi yatsopano ikaikidwa, pedulo imabwerera pomwe idali galimoto ili yatsopano, ndipo wozolowera yolimba amaganiza kuti china chalakwika.

Pedulo yopepuka koma yabwino imadziwika ndi zinthu zinayi. Imabwerera yokha mpaka pamwamba, imagwira pamalo amodzimodzi nthawi zonse, magiya amalowa mwakachetechete injini ikulira, ndipo livesi imalowa popanda kukukuta. Ikakhala chomwecho palibe chofunika kukonza. Klatchi yatsopano imagwiranso chapansi pang'ono poyerekeza ndi yakutha, ndipo opanga zipangizo ambiri amalangiza kuyenda nayo mofatsa makilomita 500 mpaka 800 oyambirira kuti mbale ikhazikike. Koma kuyenda sikuchotsa mpweya m'paipi kapena kutseka podontha. Pedulo yomwe imatsalira pansi, yomwe imagwira pena m'mwamba pena pansi, kapena yomwe imachititsa magiya kukukuta, ili ndi vuto lenileni.

Mayeso asanu osafuna kumasula kanthu

Loyamba ndi kuona kabotolo kosungira mafuta. Mafuta ayenera kukhala pakati pa zizindikiro za MIN ndi MAX. M'galimoto zina klatchi ili ndi kabotolo kakekake, pomwe m'zina imagawana kamodzi ndi mabuleki. Pogawanapo, paipi ya klatchi imatunga cham'mwamba, mwadala, kuti mafuta akamatha klatchi iyambe kulephera mabuleki akadali ndi mphamvu. Choncho kabotolo katha kuoneka kuti kali ndi mafuta pomwe klatchi ikukoka mpweya.

Lachiwiri ndi kuyesa magiya injini itazima kenako ikulira. Ngati akulowa bwino itazima koma akukana ikalira, giyabokosi ilibe mlandu, klatchi ndiyo sikumasuka mokwanira. Livesi ndiyo mboni yabwino, chifukwa m'galimoto zambiri ilibe synchro yofananitsa liwiro la magiya. Ikakukuta ngakhale dalaivala atadikira masekondi angapo pedulo ili pansi, mbale ikuzungulirabe limodzi ndi injini.

Lachitatu ndi kupopa. Dalaivala aponde ndi kumasula pedulo kasanu kapena kakhumi motsatizana, kenako ayese giya. Pedulo ikalimba ndipo giya n'kulowa, koma patapita kanthawi n'kufewanso, kawirikawiri ndiye kuti m'paipi muli mpweya.

Lachinayi ndi kugwira pedulo pansi. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya, handibuleki itakokedwa, kutsogolo kulibe munthu kapena chinthu. Dalaivala alowetse giya yoyamba injini ikulira, asunge pedulo pansi kwa mphindi imodzi. Ngati galimoto iyamba kufuna kuyenda kapena injini kufuna kuzima phazi lisanasunthe, mafuta akuthawa penapake, kaya kunja kapena m'kati mwa master cylinder.

Lachisanu limafuna anthu awiri. Wina aponde pedulo injini itazima, wina ayang'ane kachitsulo ka slave cylinder. Kayenera kuyamba kuyenda pedulo ikangoyamba kulimba, ndipo m'galimoto zambiri kamayenda mtunda woposa sentimita imodzi. Kakayenda pang'ono, vuto lili kumbali ya mafuta kapena pedulo. Kakayenda mokwanira koma magiya n'kumakanabe, m'pamene maso amatembenukira m'kati mwa giyabokosi.

Kuchotsa mpweya

Mpweya ndiwo umapezeka kwambiri pedulo ikafewa klatchi itangosinthidwa. Potsitsa giyabokosi, slave cylinder imamasulidwa n'kulendewera pambali. Wina akaponda pedulo panthawiyi, pisitoni imatuluka mopitirira ndipo mpweya umalowa. Pomwe paipi idamasulidwa, kapena pomwe slave cylinder ili m'kati, mpweya sulephera kulowa.

Kuutulutsa amakaniko amati kubulida. Pa slave cylinder pamakhala kabawuti kobooka pakati kotchedwa nipo. Makaniko amalumikiza kapaipi koonekera m'kati panipopo, mbali ina n'kuiviika m'kabotolo momwe muli mafuta atsopano pang'ono. Womuthandiza amaponda pedulo mofatsa katatu kapena kanayi n'kuigwira pansi. Makaniko amamasula nipo pang'ono, mafuta ndi thovu zimatuluka, kenako amamanga pedulo isanakwere. Nthawi zambiri pedulo imatsalira pansi ndipo imafunika kuikweza ndi dzanja. Amabwereza mpaka mafuta azituluka oyera, opanda thovu.

Zolakwika zomwe zimabweza ntchito m'mbuyo ndi zitatu: kukweza pedulo nipo isanamangidwe, kulola kabotolo ka pamwamba kuuma, ndi kupopa mothamanga, komwe kumaphwanya mpweya kukhala timathovu ting'onoting'ono tovuta kutuluka. Kabotolo ka klatchi kamakhala kakang'ono, motero kamafunika kuwonjezeramo mafuta pakapita maulendo atatu kapena anayi.

Mpweya umakwera m'mwamba, choncho ngati nipo siili pamwamba penipeni pa slave cylinder, kathovu kamatha kubisala pakona. Pothana ndi zimenezi, amakaniko amamasula slave cylinder, n'kuipendeketsa kuti nipo kapena polowera paipi paloze kumwamba, kenako n'kukankha pisitoni m'kati ndi dzanja mofatsa. Njira ina ndi yolowetsa mafuta kuchokera pansi: sirinji yaikulu yoyera imalumikizidwa panipo, mafuta n'kukankhidwa kupita kumtunda, mpweya n'kutulukira m'kabotolo. Ngati master cylinder nayonso ndi yatsopano, ndi bwino kuidzaza ndi kuichotsa mpweya isanamangidwe pagalimoto.

Wolowa pansi pa galimoto asadalire jeke yokha kapena njerwa, zomwe zimaphwanyika mwadzidzidzi. Pamafunika zochirikiza zachitsulo, ndipo matayala otsala pansi atchingidwe.

Kudontha kooneka ndi kosaoneka

Pedulo ikalimba pobulida koma n'kufewanso mawa lake, mpweya ukulowa pomwe mafuta akutulukira. Malo oyang'ana ndi odziwika: pamwamba pa pedulo pomwe kachitsulo kamalowa mu master cylinder, pansi pa kapeti ya dalaivala, polumikizira mapaipi, ndi m'kati mwa kalabala kophimba kachitsulo ka slave cylinder. Kalabalako kakafunyululidwa m'kati muyenera kukhala mouma. Mafuta odontha pansi polumikizana injini ndi giyabokosi, pomwe a m'kabotolo akutsika, amaloza slave cylinder ya m'kati.

Paipi yalabala yokalamba imatha kufufuma osadontha. Munthu akaigwira wina akuponda pedulo, amamva ikutupa m'dzanja, ndipo mphamvu yomwe imayenera kukankha foloko imathera pomwepo.

Kudontha kosaoneka kumachitika mu master cylinder. Timalabala ta pisitoni tikatha, mafuta amabwerera kukabotolo m'malo mopita kutsogolo. Mafuta satsika, pansi sipanyowa, koma pedulo ikagwiridwa kwa kanthawi klatchi imayamba kugwira yokha, monga limaonetsera yeso lachinayi lija. Vutoli limakonda kuonekera ntchito itangotha pa chifukwa chomveka: pobulida, pisitoni imayenda maulendo ambiri popanda chotsutsa, ikudutsa pa litsiro ndi dzimbiri zomwe zidaunjikana kwa zaka, ndipo timalabala tokalamba kale timang'ambika. Mafuta akuda bii ndi chizindikiro choti labala akusungunuka. Pagalimoto yomwe yayenda kwambiri, kusintha master cylinder ndi slave cylinder limodzi kumapewetsa kubwereranso kugalaja, ndipo slave cylinder ya m'kati iyenera kusinthidwa nthawi iliyonse giyabokosi ikatsika pofuna kuika klatchi, chifukwa ikadontha pambuyo pake ntchito yonse imabwerezedwa.

Mafuta oyenera

Pachivindikiro cha kabotolo pamalembedwa mtundu wa mafuta, kawirikawiri DOT 3 kapena DOT 4. Muyezo wa mafutawa umati a DOT 3 atsopano asawire asanafike madigiri 205, ndipo a DOT 4 asanafike madigiri 230. Koma mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akayamwa, muyezo umatsika kufika pa madigiri 140 ndi 155. Madzi a m'mafuta amadyanso zitsulo m'kati mwa masilinda. M'chigwa chotentha ngati cha Bwanje, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, komanso pomwe paipi yadutsa pafupi ndi ekizozi, mafuta akalekale amatha kufewetsa pedulo galimoto ikatentha n'kulimbanso ikazizira. Opanga galimoto ambiri amalangiza kuwasintha pakatha zaka ziwiri.

Pachifukwa chomwechi, mafuta ogulidwa opungulira m'kabotolo kotsegula, kapena otsala m'chigubu chomwe chidatsegulidwa kalekale, sayenera kuthiridwa. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi asalowemo ngakhale pang'ono, chifukwa amatupitsa timalabala tonse, ndipo akalowa pamafunika kusintha masilinda onse awiri ndi paipi yalabala. Mafuta a DOT 5, omwe ndi a silicone, sasakanizidwa ndi a DOT 3 kapena DOT 4. Mafuta a mabuleki amasupulanso penti, motero akatayikira pagalimoto atsukidwe ndi madzi nthawi yomweyo.

Kuchuna pedulo

Pedulo iyenera kuyenda pang'ono mwaulere isanayambe kukankha mafuta. M'mabuku a galimoto zambiri za Toyota, mtunda umenewu ndi mamilimita 5 mpaka 15, ndipo klatchi iyenera kumasuka pedulo isanafike mamilimita 25 omalizira pansi. Mtunda waulerewu ukachuluka, theka la ulendo wa phazi limapita pachabe ndipo pedulo imamveka yofewa pamwamba. Umachunidwa ndi nati ya pakachitsulo kolowa mu master cylinder. Kuumanga mopitirira nako n'koopsa, chifukwa pisitoni imatseka kabowo kobwererapo mafuta, mphamvu imatsalira m'paipi, ndipo klatchi yatsopano imayamba kutsetsereka n'kupsa.

Pamalo omwewa pamapezekanso zina zing'onozing'ono: kapini kolumikiza pedulo ndi kachitsulo kakatha kapena bowo lake likakula, kapeti yochindikala ikalowa pansi pa pedulo, kapena chitsulo chogwira pedulo chikang'aluka. Ngati kale wina adatalikitsa kachitsulo ka slave cylinder, mwina pochita kuwotcherera, pofuna kuti klatchi yakutha ipitirire kugwira ntchito, kachitsuloko kabwezeredwe pa utali wake weniweni.

Pagalimoto za chingwe palibe zobulida. Mbale yatsopano yochindikala imasintha pomwe foloko imaima, ndipo chingwe chimafunika kuchunidwanso panati yake. Chingwe choyamba kuthothoka timawaya chimatamuka, ndipo chiyenera kusinthidwa chisanaduke panjira.

Vuto likakhala m'kati

Giyabokosi iyenera kutsikanso pokhapokha mpweya utachotsedwa, podontha patasowa, pedulo itachunidwa, ndipo kachitsulo ka slave cylinder kakuyenda mokwanira, kapena mafuta akakhala kuti akudontha kuchokera m'kati. Isanatsike, makaniko atha kuchotsa kalabala ka pomwe foloko imalowera n'kuunikamo ndi tochi. Foloko yomwe yachoka pakampira kachitsulo komwe imapendekerapo, yopindika kapena yong'aluka imagwedera ikagwidwa ndi dzanja.

M'kati mwenimweni, zolakwika zodziwika ndi izi. Klatchi puleti itha kuikidwa chogadama, pomwe mbali ina imalembedwa mawu akuti "flywheel side" kusonyeza koyang'ana. Itha kupindika ngati pokweza giyabokosi kulemera kwake konse kudatsamira pambale mabawuti asanamangidwe. Release bearing itha kusakoledwa bwino pafoloko. Beling'i yaing'ono ya pakati pa flywheel ikauma, imazunguza shafuti ya giyabokosi ngakhale klatchi itamasuka. Flywheel yosemedwa mopitirira muyezo imatalikitsa mtunda pakati pa beling'i ndi zala za sipuling'i. Pomaliza pali zipangizo zosakhala za galimotoyo. Galimoto za dzina limodzi zimasiyana injini ndi giyabokosi malingana ndi chaka, ndipo zambiri zoyenda m'misewu ya kuno zidasinthidwapo injini. Kugula potengera nambala ya chasesi ndi ya injini, komanso kuyerekeza zakale ndi zatsopano pambali ndi pambali zisanamangidwe, kumapulumutsa tsiku lantchito.

Kuipa koyenda nalo vutoli

Minibasi yoima siipanga ndalama, ndipo chiyeso chimakhala chopitiriza ulendo mopopa pedulo pasiteji iliyonse. Mtengo wake umabwera pambuyo. Giya iliyonse yolowetsedwa mokakamiza imadya ma synchro, ndipo kukonza giyabokosi kumaposa kutali mtengo wa botolo la mafuta kapena master cylinder. Galimoto yomwe klatchi yake imagwira yokha itha kudumpha pasiteji pomwe pali okwera ndi ogulitsa malonda m'mawindo.

Choopsa kwambiri chili pamapiri. Kumpoto kwa Sharpevale, pa Golomoti, pamayambira msewu wa Khwekhwelere wokwera kupita ku Masasa, wamakona ambiri ndi zitunda zazitali. Potsika msewu wotere dalaivala amadalira giya yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto. Klatchi ikakana pakati posintha, galimoto imatsala yopanda giya, katundu yense amatsamira pamabuleki, ndipo mabuleki akatentha amachepa mphamvu. Pomwe klatchi ndi mabuleki zimagawana kabotolo, kutsika kwa mafuta kuthanso kukhala chizindikiro choti podontha pali kumabuleki komweko.

Pa zifukwa zimenezi, nthawi yabwino yoyesa klatchi ndi galimoto isanatuluke m'galaja. Mayeso asanu aja satenga mphindi 15, ndipo akachitika mwini galimoto ndi makaniko ali pomwepo, mkangano woti vuto lidayamba liti sukhalapo. Mwini galimoto asunge lisiti ya zipangizo, mabokosi ake ndi zipangizo zakale mpaka klatchi itakhazikika. Zimenezi ndizo umboni pobweza katundu wolakwika kusitolo, ndipo wogulitsa akakana, madandaulo a ogula amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. M'sabata yoyamba, dalaivala aziona kabotolo ka mafuta m'mawa uliwonse asanalize injini, ndipo akaona kuti atsika, galimoto ibwerere kwa makaniko isananyamule anthu.